Hummus: tchana ndi chitowe zalowa m'malesitilanti a kunja

Tchana timamudziwa, chitowe ndiye osanena, ena a ife timalima. Koma mbewu ziwirizi zikaphatikizana zimatulutsa hummus, chakudya chimene anthu akulipira ndalama zambiri m'malesitilanti a ku London ndi New York.

Dzinali ndi la Chiarabu, tanthauzo lake ndi tchana basi. Ku Palestine, Lebanon ndi Syria akhala akudya hummus kuyambira kale, akusunsamo buledi monga timasunsira nsima mu msuzi wa chambo. Ayuda a ku Israel nawo adamukonda n'kumutchukitsa, moti lero malesitilanti ambiri amangolemba kuti ngwa ku Israel. Zimenezi Aarabu zimawawawa, ndipo ife sitikuwadabwa. Mpikisano wake ndi woopsa: mu Januwale 2010 anthu a ku Abu Ghosh, mudzi wa Aarabu pafupi ndi Jerusalem, adapanga hummus wa matani 4, koma pofika Meyi a ku Lebanon adabweza ndi matani oposa 10.

Chimene chimakopa makasitomala ndi kusalala kwake. Tchana amanyikidwa usiku wonse m'madzi a soda, kenako n'kuphikidwa mpaka afewe ndithu. Makoko akayandama amawayoola n'kutaya. Amayi amene amaphika chipere cha nyemba apa sangaone chachilendo, ntchito yake ndi yomweyo. Akatero amamupera limodzi ndi tahini, chomwe ndi chitowe chokazinga chosinjidwa ngati chiponde, n'kuthira mandimu, adyo, mchere ndi madzi ozizira kwambiri. Pamwamba amadonthezera mafuta a azitona.

Ophika a ku Israel saumira tahini, amathira wambiri. Mmodzi wa iwo, Michael Solomonov, adatsegula lesitilanti ya Zahav ku Philadelphia mu 2008, natchuka ndi hummus wotereyu. Mu 2019 Zahav idalandira mphotho ya James Beard monga lesitilanti yopambana ku America.

Apa ndiye pamene pakutikhudza alimife. Tahini wambiri amafuna chitowe chambiri, komanso choyera. Chikakhala ndi mchenga kapena chikachita nkhungu, tahini sakoma, mphika wonse wawonongeka. Chitowe chathu cha ku Chikwawa, Nsanje ndi kuno kunyanja nthawi zambiri chimagwa mtengo chifukwa chopunthira pansi. Mitolo tiimike iume bwino, pokutumula tiyale lona kapena mphasa, tipete, ndipo choyera tisasakanize ndi chakuda m'thumba limodzi.