Kanjira Kobisika Pakati pa M'mero ndi Mapapo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi munthu angabadwe ndi vutoli n'kukula osalidziwa?

Inde, ngakhale sizichitikachitika. Mwana akamaumbika m'mimba, cha m'sabata ya 4 mpaka ya 6, njira ya chakudya ndi ya mpweya zimapatukana. Zikapanda kupatukana bwino, pamatsala kanjira kozilumikiza. Ana ambiri otere amabadwanso ndi m'mero wotsekeka, choncho amadziwika msanga. Dokotala Cameron Haight ndiye anayamba kulumikiza m'mero wotere mwana n'kuchira, mu 1941 mumzinda wa Ann Arbor. Koma m'mero ukakhala wotseguka, kanjirako kamabisala zaka zambiri, chifukwa kamakhala kopendekera m'mwamba ndipo munthu akamameza kamatha kutsekeka kokha.

Nanga chimaulula n'chiyani?

Kutsamwa ndi kutsokomola pomwa madzi, kuyambira ubwana, ndi chibayo chobwerabwera mbali imodzimodzi ya mapapo. Kuno kwathu munthu wotere amaganiziridwa chifuwa chachikulu, ndipo m'pomveka. Koma makhololo akamayezedwa osapezekamo kanthu, ndi bwino dokotala afunse kuti chifuwacho chimayamba akamwa chiyani. Amam'mwetsa mankhwala a barium n'kumujambula, kenako kusuzumira m'njira ya mpweya ndi kakamera. Ayeneranso kutsimikiza kuti chibowocho sichinabwere ndi khansa ya kum'mero kapena TB, poti mwa akuluakulu zimenezi ndizo zofala. 

Opaleshoni yake imayenda bwanji?

Kanjira kakakhala m'mwamba amang'amba pakhosi. Kakakhala m'munsi amalowera pakati pa nthiti, masiku ano nthawi zina pogwiritsa ntchito kamera ndi timabala ting'onoting'ono. Amakadula, n'kusoka mbali zonse ziwiri payokhapayokha. Kenako amayala kamnofu kamoyo pakati pake, kotengedwa pakhosi kapena pakati pa nthiti, kuti misoko iwiriyo isakhudzane n'kubookanso. Kumata chibowo ndi guluu kapena kuchipana podzera kukamwa kulipo, koma nthawi zambiri chimatsegukanso. Chodandaulitsa n'chakuti wodwala akafika mochedwa, gawo la phapo lomwe lakhala likulandira malovu ndi chakudya zaka zonsezo limakhala litaonongeka, ndipo amalichotsa.

Zoopsa zake n'zotani?

Msoko umatha kuchucha. Mtsempha woyendetsa mawu umadutsa pomwepo, pakati pa m'mero ndi kholingo, ndipo ukavulala mawu amasasa. Wodwala samwa kanthu kwa masiku angapo kufikira atajambulidwanso n'kuoneka kuti msoko wagwira.