MABWINJA A AELEFU

Munthu woyenda m'thengo akafika pa bwinja, naona mapale ndi mphero yakale, amaima ndi kudzifunsa kuti, "Kodi anali kukhala pano ndani, nanga anacokeranji?" Funso lomweli limadza kwa iwo amene amawerenga mabuku a J. R. R. Tolkien, mlembi wa ku Mangalande. M'mabuku ace muli mabwinja a mtundu wina umene m'Cingerezi amati Elves, koma m'nkhani ino dzina lao likhala Aelefu. Kuyenera kudziwika poyamba kuti mtundu umenewu sunakhalepo pa dziko lino. Mbiri yao yonse ndi nthano yopeka.

Dzinali silinayambe ndi Tolkien. Angerezi akale anali kukhulupirira kuti Aelefu ndi zolengedwa zobisika, zokhoza kudwalitsa anthu ndi ng'ombe. Alimi akafukula timiyala tosongoka m'minda anali kunena kuti ndi mibvi ya Aelefu, koma tsopano kudziwika kuti inali mitu ya mibvi ya anthu akale amene sanadziwe citsulo. Ku Iceland nakonso, ca m'ma 1220, mlembi Snorri Sturluson analemba za Aelefu a kuunika ndi Aelefu a mdima. Pofika masiku a Tolkien, nthano za ana zinali zitawasandutsa tinthu tating'ono tokhala m'maluwa.

Tolkien anabadwira ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa, m'caka ca 1892. Anapita ku Mangalande ali ndi zaka zitatu, ndipo pofika 1904 anali mwana wamasiye. Kuyambira ubwana wace anakonda zinenero, kotero kuti anayamba kupeka zace. Ziwiri mwa izo ndizo Quenya, cimene mamvekedwe ace anatengera ku cinenero ca ku Finland, ndi Sindarin, cofanana ndi ca ku Wales. Koma cinenero cifuna anthu ocilankhula, ndipo anthuwo afuna dziko ndi mbiri. Umo ndimo Aelefu ace anabadwira.

M'caka ca 1916 iye anamenya nao nkhondo ya ku Somme, m'dziko la France. Abwenzi ace awiri apamtima anafera komweko, ndipo iye mwini anabwezedwa kwao atadwala malungo ofalitsidwa ndi nsabwe. Ali kucira, anayamba kulemba za kugwa kwa mzinda wa Aelefu dzina lace Gondolin.

Aelefu a Tolkien ndi amsinkhu ngati anthu, okongola, aluso pa nyimbo, pa kusula ndi pa kulemba. Cimene ciwasiyanitsa ndi anthu ndico cakuti safa ndi ukalamba kapena nthenda, ngakhale akhoza kuphedwa. Nthano ikuti anadzuka pa gombe la nyanja ina, pansi pa nyenyezi, dzuwa ndi mwezi zisanaoneke. Ena anaoloka nyanja yaikulu kunka ku Valinor, dziko la kumadzulo lounikiridwa ndi mitengo iwiri yowala. Kumeneko mmisiri wamkulu, Fëanor, anapanga miyala itatu yonyezimira, natsekeramo kuunika kwa mitengoyo.

Tsoka linayambira pa miyalayi. Mdani wamkulu, Morgoth, anaononga mitengo ija, napha atate wa Fëanor, naba miyala yonse itatu. Fëanor ndi ana ace amuna asanu ndi awiri analumbira kuti adzathira nkhondo yense wosunga miyalayo, angakhale mbale. Pofuna zombo zolondolera mbalayo, anapha Aelefu anzao eni zombo. Mwazi woyambawu unawatsata ku dziko la Beleriand, kumene anthu ao anamanga maufumu.

Woposa onse unali Gondolin, mzinda wa miyala yoyera ndi akasupe, wozingidwa ndi mapiri ponseponse. Mfumu Turgon anaubisa zaka pafupi 400, ndipo mdani anaufunafuna osaupeza. Amene anaulula njira anali Maeglin, mwana wa mlongo wace wa mfumu. Iye anakhumba Idril, mwana wamkazi wa Turgon, nacita nsanje pamene mkaziyo anakwatiwa ndi wina. Atagwidwa ndi Morgoth, anapereka mzinda wa malume ace. Anapulumuka owerengeka okha, podzera m'njira ya pansi pa nthaka imene Idril anaikonzeratu. Ufumu wina, wa Doriath, unatsirizidwa ndi ana a Fëanor eni ace, cifukwa ca lumbiro lija.

Potsiriza Morgoth anagonjetsedwa ndi makamu ocokera ku Valinor, koma nkhondoyo inaswa dziko la Beleriand, ndipo linamira m'nyanja. Miyala ija inalekana: umodzi unakhala nyenyezi ya kumwamba, wina unaponyedwa m'nyanja, wacitatu unalowa m'phompho la moto.

Aelefu otsala anali ndi bvuto lina, lobisika koposa nkhondo. Popeza samwalira, anali kupenya mitengo, midzi ndi abwenzi ao a mtundu wa anthu zilikutha, iwo nakhalabe ndi cikumbukiro ca zonse. Anafuna kuimitsa nthawi. Sauron, amene kale anali mtumiki wa Morgoth, anadza kwa osula a m'dziko la Eregion ndi nkhope yokoma, nawaphunzitsa kusula mphete zamphamvu. Mkulu wao Celebrimbor, mdzukulu wa Fëanor, anasula yekha mphete zitatu zoletsa kufota ndi kukalamba kwa zinthu. Koma Sauron anasula mseri mphete imodzi yolamulira zinzace zonse. Cinyengo citadziwika, iye anapasula Eregion, napha Celebrimbor.

Mphete zitatu zija zinabisidwa, ndipo ndi mphamvu yao Aelefu anasunga malo ang'ono awiri, Rivendell ndi Lothlórien, okongola monga kale. Tsono panali msampha. Kuti Sauron agonje, kunayenera kuti mphete yace ionongeke. Koma ikaonongeka, zitatuzo nazo zidzatha mphamvu. Atsogoleri ao, Elrond ndi Galadriel, anadziwa ici, nathandizabe kuti ionongeke. Pambuyo pace anakwera combo kunka kumadzulo, nasiyira anthu dziko.

Mbiri imeneyi siinafike kwa owerenga nthawi imodzi. M'buku la The Hobbit, la m'caka ca 1937, apaulendo apeza malupanga akale m'phanga, nauzidwa kuti anasulidwa ku Gondolin, koma za mzindawo zinenedwa pang'ono cabe. The Lord of the Rings, losindikizidwa mu 1954 ndi 1955, lisimba masiku otsiriza a Aelefu. Tolkien anamwalira mu 1973, ndipo mwana wace Christopher anasonkhanitsa zolembedwa zace, naturutsa The Silmarillion mu 1977. Motero owerenga anakhala zaka 40 alikuona mapale okha asanamve za mudzi umene unaswa mbiyazo. Ici ndico cifukwa cimodzi cimene dziko lopekali limveka ngati lenileni.

Nthanoyi ili ndi phunziro ngakhale kwa munthu amene sadzawerenga mabukuwo. Aelefu anali ndi nzeru, luso ndi moyo wosatha, koma mdani anapeza polowera pa zofoka zao: kuumirira cuma, lumbiro la mkwiyo, nsanje ya m'banja, ndi kukana kuti zinthu zisinthe. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Fëanor anayesa kuwaola ndi lupanga, mdzukulu wace ndi mphete, ndipo onse awiri anaonjeza tsoka. Ulemu m'nthanoyi ugwera iwo amene analola kutaya zokongola zao kuti obwera m'mbuyo akhale pa mtendere.