Kuteteza Nsomba za Golide ku Pampu ya M'dziŵe

Nkhani ya sabata ino ndi ya nsomba zoŵeta pofuna kukometsa pakhomo, zija Angerezi amazitcha goldfish. Nsombazi zinayamba kuŵetedwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ndi za banja limodzi ndi matemba ndi ntchila. Ozikonda amazisunga m'kadziŵe ka simenti pabwalo, namaikamo pampu ya magetsi yoti iziyendetsa madzi. Pampuyo ndiyo imazisunga ndi moyo, koma ndi yomweyonso imene imapha zina.

Pampu imakoka madzi kudzera pa kakamwa kakang'ono, ndipo m'kati mwake muli kagudumu ka mapiko kozungulira mwaliŵiro. Monga mtsinje umathamanga pamene wapanikizika pakati pa miyala ndi kudekha pamene watambasuka, madzi oloŵa pamalo opapatiza amakoka mwamphamvu. Nsomba yaikulu yathanzi imathaŵa mosavuta. Zimene zimakodwa ndi za zipsepse zazitali zonga nsalu, poti sizisambira mwamphamvu, ndiponso tiana. Madzi akakhala ofunda, mazira amaswa patapita masiku aŵiri kapena atatu, ndipo kamwana kongoswa kumene sikafika ndi sentimita imodzi yomwe. Kamatengedwa ndi madzi ngati kachitsotso. Koma nsomba yaikulu ikapezeka itamatirira pa pampu, kaŵirikaŵiri imakhala kuti inafooka kale ndi matenda kapena madzi oipa, choncho mwini dziŵe ayang'anitsitse zinzake asanaimbe mlandu makina.

Ena poopa ngoziyi amazimitsa pampu usiku. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Dzuŵa likaloŵa, zomera za m'madzi zimaleka kutulutsa mpweya wa okosijeni ndi kuyamba kulimbirana ndi nsomba umene ulipo, kotero kuti m'bandakucha ndi pamene mpweyawo umasoŵa kwambiri. Madzi ofundanso amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira, ndipo m'nyengo yotentha dziŵe laling'ono losayenda madzi lingathe kupha nsomba zonse usiku umodzi.

Chofunika ndi kumwaza mphamvu yokokayo kuti isaunjikane pamalo amodzi. Pampu iikidwe m'basiketi ya pulasitiki ya timaboo tambiri, yovundikira bwino ndi yomanga ndi chingwe cha nayiloni. Basiketi ikakula, madzi amaloŵa mbali zonse mwakachetechete, ndipo nsomba imadutsa pafupi osamva kanthu. Pakakhala tiana, pa kamwa la pampu pavekedwe siponji yatsopano ya maboo okulirapo, yosakhudzidwapo ndi sopo. Mphamvu ya pampu ilingane ndi dziŵe: la malita 1,000 limakwanira ndi pampu yoyendetsa malita 500 mpaka 1,000 pa ola.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka chanzeru koma ndi choopsa, ndicho kukulunga pampu ndi neti yogonamo. Maneti ameneŵa amanyikidwa m'mankhwala opha udzudzu, ndipo mankhwalawo ndi poizoni woopsa kwa nsomba ngakhale atakhala ochepa. Waya wa mkuwa nayenso asaloŵe m'dziŵe.

Siponji ikadzaza matope, madzi amakanikizana pa timaboo totsala, mphamvu yokoka ija nkubwereranso, pampu nayo nkuyamba kutentha. Ichapidwe sabata iliyonse, kapena pamene madzi otuluka ayamba kuchepa, ndipo ichapidwe m'ndowa ya madzi otunga m'dziŵe lomwelo. Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapha tizilombo tothandiza timene timakhala m'siponjimo ndi kusukulutsa ululu wochokera m'ndoŵe za nsomba.

Basiketi ikhazikidwe pa njerwa, osati pansi penipeni. Potero siyamwa matope, ndipo paipi ikaphulika usiku madzi nkumatayikira kunja, pampu imalephera kuumitsa dziŵe lonse, nsomba nkutsala ndi pobisala. Munthu asanapise dzanja m'madzi kuti agwire pampu, ayambe wazimitsa magetsi ndi kuzula pulagi kukhoma.