Mtanda wofufuma m'chipanda

Amayi anga aang'ono ankakanda mandasi usiku. Akasakaniza fulawa, yisiti, shuga ndi madzi ofunda, mtandawo ankauika m'ndowa, n'kuvundikira, n'kukagona. Tambala woyamba akamalira, mtanda uja unkakhala utatukula chivundikiro, wina utayenderera m'mbali. Palibe amene ankadandaula, poti ndowa ili ndi kukamwa kwakukulu ndipo chivundikiro chake chimagonja msanga. Ndowa imeneyo ndimaikumbukira ndikamva anthu pamaliro akufunsana monong'ona kuti mwana amene dzana ankathamangitsa nkhuku pabwalo angapite bwanji ndi malungo chabe.

Funso lomweli ndi limene lasunga Dokotala Terrie Taylor ku Blantyre kuyambira 1986. Kwawo ndi ku America, ku Michigan State University, koma kwa zaka zambirimbiri akhala akuthera pafupifupi theka la chaka chilichonse pachipatala cha Queen Elizabeth Central, m'miyezi ya mvula pamene udzudzu umaswana ndipo mabedi a ana amadzaza. Matenda amene akhala akulimbana nawo ndi malungo a mu ubongo: mwana amatentha thupi, amachita linjirinjiri, kenako amakomoka osadzuka ngakhale mumugwedeze motani. Ana ambiri otere amakhala osapitirira zaka zisanu. Ngakhale alandire mankhwala oyenera, pa ana 100 alionse, pafupifupi 15 mpaka 20 sabwerera kunyumba.

Choyamba panafunika muyeso woti madokotala azimvana akamanena kuti mwana wakomoka. Wamkulu mumamufunsa dzina, mumamufunsa tsiku. Nanga wa zaka ziwiri mungamufunse chiyani? M'chaka cha 1989, a Taylor pamodzi ndi a Malcolm Molyneux, a Jack Wirima ndi anzawo anafalitsa njira imene dziko lonse limaitchula kuti Blantyre Coma Score. Namwino amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, amakanikiza chikhadabo kuti aone ngati achotsa dzanja, ndipo amamvetsera kaliridwe kake. Mapointi ake amayambira 0 kulekeza 5, ndipo mwana akapeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomokadi. Dzina la mzinda wathu lili m'mabuku a madokotala ku Asia ndi ku Ulaya chifukwa cha kachipangizo kosalira magetsi kameneka.

Za tizilombo zinkadziwika kale. Kachilombo ka Plasmodium falciparum, kamene udzudzu waukazi wa Anopheles umatisiyira, kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwapaka zomata ngati ulimbo. Maselo abwinobwino amayenda thupi lonse n'kudutsa mu kapamba, amene amasefa magazi n'kuchotsa oonongeka. Maselo a ulimbo aja safika kusefako. Amakakamira m'makoma a timitsempha tating'onoting'ono ngati timba pamtengo wotchera, ndipo mu ubongo amathinana mpaka magazi kumayenda movutikira. Zonsezo n'zoona, koma sizinkayankha funso la pamaliro lija. Ana awiri akhoza kukhala ndi ulimbo wofanana, wina n'kudzuka tsiku lachitatu kupempha phala, wina n'kungosiya kupuma.

Kuti aone zimene zikuchitika m'mutu, a Taylor ndi anzawo anayenera kupempha chinthu chovuta kupempha. Kuyambira 1996, gululi linkapita kwa makolo amene angotaya mwana kumene n'kuwapempha chilolezo choti thupi lipimidwe lisanapite kumudzi. Aliyense amene anakhalapo pa siwa akudziwa kulemera kwa pempho lotere, ndipo ine ndimaona kuti makolo amene anavomera aja ndi eni ake a zimene zinapezeka, mofanana ndi madokotalawo. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Pa ana 31 amene aliyense ankati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo ndithu m'magazi mwawo, koma kwathu kuno ana ambiri amayenda nato osadwala. Kupezeka pabwalo tsiku limene mbuzi yasowa sindiko kuba mbuziyo.

Ndiye mungasiyanitse bwanji mwana ali moyo? Yankho linachokera m'diso. Dokotala wa maso, a Susan Lewallen, anali ataona kale ku Blantyre komweko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti kuseri kwa diso la ana ena okomoka kumakhala madontho oyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totayikira. Kuseri kwa diso ndi mphukira ya ubongo womwewo, ndiye kusuzumiramo ndi kagalasi kounikira kuli ngati kusuzumira pazenera la nyumba yokhoma. Ana amene anali ndi zizindikiro m'maso ndiwo anapezekanso ndi ulimbo mu ubongo. Dokotala akapeza maso oyera bwino pa mwana wokomoka, amadziwa kuti asamangoyang'ana malungo okha.

Mu 2008 kunafika makina a MRI pachipatala cha Queen Elizabeth chija, oyamba m'dziko muno, ojambula ubongo wa munthu wamoyo popanda kumucheka. A Sam Kampondeni, katswiri wa zithunzi zotere, ndi a Karl Seydel anali m'gulu limene linajambula ana 168 okhala ndi zizindikiro za m'maso zija. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri pofika kuchipatala. Mwa ana 143 amene anachira, otupa motero anali 39 okha.

Tibwerere ku mtanda uja. Tiyerekeze kuti amayi anga aang'ono sanauike m'ndowa, koma m'chipanda chouma gwa, chokhala ndi kukamwa kumodzi kopapatiza, ndipo chipandacho achizondotsa. Chibade cha mwana ndi chotero. Khanda lili ndi liwombo, malo ofewa amene amagonjako pang'ono, koma mwana akamafika zaka ziwiri liwombo limakhala litatseka, ndipo ubongo wake umadzaza chibade pafupifupi chonse. Ukayamba kufufuma sungapite kumwamba, sungapite m'mbali. Kotulukira n'kumodzi kokha, bowo la pansi pa chibade pamene mutu umalumikizana ndi msana. Tsoka lake n'lakuti pakhomo pomwepo ndi pamene pali phata la ubongo, kachigawo kamene kamauza chifuwa kuti chikoke mpweya, usana ndi usiku, tili maso kapena tili mtulo. Mtanda ukakankhira pansi umafinya phatalo. Mtima umakhala ukugundabe, mapapo alibe vuto, koma wolamula kupuma wapanidwa pakhomo. Anamwino a m'chipinda cha ana ankaziona izi kwa zaka zambiri, kuti mwana amayamba wasiya kupuma mtima n'kutsatira pambuyo. Zithunzi zija zinangoonetsa chifukwa chake.

Fanizo langali lili ndi polekezera, ndipo ndisakunamizeni. Mtanda umafufuma ndi mpweya wa yisiti basi. Ubongo umatupa pa zifukwa zingapo zolukanalukana: magazi odzazana m'mitsempha yothinana, madzi otuluka m'makoma a mitsempha yovulala, kukomoka kobwerezabwereza kumene kumautopetsa. Ndipo mankhwala amene amaphwetsa ubongo pa matenda ena, monga mannitol ndi dexamethasone, atayesedwa pa malungo a mu ubongo sanapulumutse anthu.

Koma pali pamene ubongo umaposa mtanda. Mtanda ukafufuma wafufuma. Ana otupa aja amene anachira atajambulidwanso, zithunzi zinaonetsa kutupa kukuphwa. Ndiye kuti nkhondo yake ndi ya masiku owerengeka. Mankhwala akupha tizilombo, thupi likukonza mitsempha, chofunika n'chakuti mwana apitirize kupuma mpaka mtanda utsike. Ganizo limeneli ndi limene linachititsa gulu la a Taylor kuyamba kuyesa njira ziwiri ku Blantyre: makina opumira m'malo mwa mwana, ndi madzi a mchere wambiri oika mumtsempha kuti akoke madzi mu ubongo. Madzi amenewa ndi a kuchipatala, opimidwa mosamala. Si mchere wa m'khitchini, ndipo mwana wokomoka samwetsedwa kanthu kalikonse, chifukwa chimene mwamuthira mkamwa chimapita m'mapapo.

Kudzuka si kutha kwa nkhani. A Gretchen Birbeck, dokotala wa ubongo amene wagwiranso ntchito zaka zambiri ku Zambia, anatsatira ana 132 a ku Blantyre amene anachira malungo a mu ubongo. Mu 2010 anafotokoza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto: wina kulankhula movutikira, wina kufooka ziwalo, wina kusintha khalidwe n'kukhala waukali wosagwirika, ndipo 12 anayamba kugwa khunyu. Mavuto ena amaoneka patapita miyezi, banja litaiwala kale za kuchipatala. Apa ndi pamene timalakwira ana ambiri. Mwana akayamba kugwa timathamangira kunena kuti wina wamuponda, kusukulu anzake amamuthawa poopa malovu ake, mphunzitsi amamutcha wamwano. Chikhalirecho ndi chipsera cha mtanda uja pamene unapanikizika. Khunyu silipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo m'zipatala zathu.

Pa zonsezi, chimene ine chimandikhudza n'chakuti mtanda sufufuma nthawi imodzi. Umayamba ndi kutentha thupi kumene timati tione mawa. Kafukufuku wamkulu wa 2010, wa ana 5,425 m'mayiko 9 a mu Africa, anasonyeza kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, koma ngakhale iyeyo amapha tizilombo chabe, sakulitsa chipanda. Neti, katemera wa malungo amene Malawi anali woyamba kupereka mu Epulo 2019, kuyezetsa magazi tsiku lomwe thupi latentha ndi kumaliza mankhwala a malungo a LA onse osasungako ena, zonsezi zimagwira ntchito yisiti isanalowe mu fulawa.

Mwana akachita linjirinjiri, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala mkamwa, musamufukize utsi. Akapanda kudzuka, kapena akamangoyang'ana kumodzi osakuzindikirani, musadikire kuti kuche kapena kuti bambo ake abwere kuchokera kumunda. Berekani mwanayo, nyamukani usiku womwewo.