Kuchotsa Mwaye m'Mutu wa Injini ya Njinga Yamoto

M'midzi ya ku Mangochi, kuyambira kwa Mponda kufikira ku Monkey Bay ndi kutsidya ku Malindi, muli njinga zamoto zakale zambiri. Zina zingotsamira khoma, zina ziyendabe koma mofooka, ndipo eni ake ati injini inatha. Kawirikawiri injini sinathe ai. Yangodzala mwaye kumutu ndipo mavalavu sakutseka bwino. Ntchito imeneyi munthu wofatsa akhoza kuichita pakhomo. Aphunzitsi awawerengere nkhani iyi anzathu amene ali ndi njinga koma sadziwa kuwerenga.

Mutu wa injini, umene amakaniko autcha silinda hedi, ndiwo chivundikiro cha pamwamba pa silinda, ndipo pansi pake ndipo payakira petulo. Uli ndi pulagi yoponya moto ndi mavalavu awiri: yaikulu yolowetsa petulo ndi mpweya, yaing'ono yotulutsa utsi. Monga tsindwi la khitchini lida ndi utsi, momwemonso muno mukhala mwaye, koma wouma gwa ngati khala. Ukachuluka upsa psuu ndi kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Pamenepo mudzamva injini ikulira ngati tizitsulo tikugundana pokwera chitunda cha ku Namwera. Itentha msanga, ndipo mwina ipitiriza kugunda mutaizima kale. Ngati kiki ingotsika pyololo osalimba kuphazi, mpweya ukuthawa, kapena pa mavalavu kapena pa maring'i a pisitoni.

Njinga zina zilibe mavalavu, monga BSA Bantam imene inapangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 kufikira 1971, ndi Yamaha DT125. Izo zitentha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo ntchito yake ndi yapafupi: kupala mutu, pamwamba pa pisitoni, ndi khomo lotulukira utsi. Zimene tilongosole pano ndi za mavalavu, makamaka Honda CG125 imene inayamba mu 1975, pakuti njinga zambiri za ku China zimene anyamata achitira kabaza zinatengera injini yake.

Tsono mverani, inu a kunyanja. Mdani wamkulu pa ntchito iyi ndiye mchenga. Kathu kakang'ono ka mchenga kakalowa m'silinda kakanda khoma lake, ndipo mkwasa umenewo sufafanizika. Chifukwa chake musamasule injini pabwalo, makamaka miyezi ya mwera pamene mphepo iulutsa fumbi tsiku lonse. Lowetsani njinga m'nyumba yowala, wazani madzi pansi, yalani thumba loyera. Tsukani kunja konse kwa injini ndi palafini musanagwire sipanala. Ndipo njinga igone usiku wonse kuti izizire, chifukwa mutu wa aluminiyamu ukamasulidwa uli wotentha ukhoza kupindika.

Chotsani thanki, kabuleta, paipi ya utsi ndi chivundikiro cha pamwamba. Manati ogwira mutu musamasule limodzi mpaka kutha. Masulani pang'ono pang'ono modumphitsa, ili kenaka loyang'anana nalo. Mutu ukakana kutuluka, ugogodeni ndi mtengo pamalo pochindikala. Musazike sikuludiraiva pakati pa mutu ndi silinda, kapena pa timapiko toziziritsa tija, pakuti tithyoka ngati mbale yadothi. Pa CG125 mabawuti aatali omwewo agwiranso silinda, kotero mnzanu aikanikize pansi pamene inu mukukweza mutu. Ikanyamuka, gasiketi yapansi ing'ambika ndipo oyilo ayamba kudontha. Timitengo tiwiri tachitsulo tokankha mavalavu muike chizindikiro kuti kalikonse kabwerere pake. Tsekani zibowo zonse ndi nsanza zoyera.

Musanapale, yesani mavalavu. Pendeketsani mutu, thirani palafini m'khomo la utsi, ndipo penyani m'kati. Mukaona kunyowa mozungulira valavu, imeneyo ifuna kunola. Chitani chimodzimodzi ndi khomo linalo.

Palani mwaye mavalavu ali m'malo mwake, kuti pokhalira pake pasakandike. Yambani mwaunyowetsa ndi palafini, ndipo palani ndi kamtengo kolimba kosongola kapena kachidutswa ka mkuwa. Mpeni ndi msomali zisiya mikwasa imene mwaye watsopano ugwirirapo. Amayi akwecha mapoto kudooko ndi mchenga ndipo awala ndithu, koma mutu wa injini si poto. Kositiki soda wopangira sopo nayenso musamuyese pa aluminiyamu, pakuti amudya. Pa pisitoni, ikwezeni pamwamba penipeni, matani girisi m'mphepete mwake kuti agwire zinyenyeswa, palani, kenaka itsitseni pang'ono ndi kupukuta girisiyo.

Pali chifukwa china chonyowetsera mwaye. Kale m'petulo ankathiramo mtovu. Maiko a kuno kumwera kwa Sahara anausiya mu 2006, ndipo dziko lomaliza, la Algeria, linausiya mu 2021. Njinga imene yagona m'nyumba kuyambira kale ili ndi mtovu m'mwaye wake, ndipo mtovu uononga nzeru za ana aang'ono ngakhale uli wochepa. Musauzire fumbilo ndi pakamwa, ana asaseweretse nsanzazo, ndipo sambani ndi sopo musanagwire nsima. Palafini wakuda musamutaye m'nyanja kapena pafupi ndi chitsime. Petulo musatsukire, makamaka m'nyumba muli mbaula kapena koloboyi.

Kuchotsa valavu kufuna chipangizo chopanira sipuling'i. Bwerekani kwa makaniko. Sipuling'i ikapanidwa muona tizitsulo tiwiri tating'ono togwira mwendo wa valavu. Timeneti tithawa ngati nthata, ndipo tikagwera mumchenga mwatitaya, kotero phimbani ndi nsalu ndi kusunga maso anu kutali. Ena amenya ndi hamala kuti tidumphe. Njira imeneyo ipinda mavalavu. Boolani katoni, mubayemo valavu iliyonse ndi kulembapo dzina lake. Kenaka bwezani valavu m'njira yake, itulutseni pang'ono, ndipo igwedezeni. Ikagwedera kwambiri, njirayo yakula, oyilo atsikira pamenepo, ndiye utsi wobiriwira uja. Kusintha njira imeneyo si ntchito ya pakhomo. Valavu yopsa, yong'aluka, kapena imene mkombero wake wapyapyala ngati lumo, gulani ina.

Tifike pa kunola, pamene ambiri alakwira. Mankhwala ake agulitsa m'kachitini kolembedwa grinding paste, mbali ina okhakhala, mbali ina osalala. Pakani pang'ono pokha pa mkombero wa valavu, osafika kumwendo wake. Kumwendo ikani dontho la oyilo. Gwirani valavu ndi kamtengo ka mphira kumapeto, ndipo kapekeseni pakati pa zikhatho monga umo makolo ankapekera moto, uku ndi uku. Mukapekesa kasanu kapena kakhumi, kwezani valavu, itembenuzeni pang'ono, ikhazikeninso. Poyamba mudzamva kukhakhala, kenaka mawuwo asalala. Pukutani ndi kupenya: mufuna mzere wotuwa wosadukiza, wa milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, pa valavu ndi pokhalira pake pomwe. Ukaoneka lekani. Musazungulize ndi makina oboolera, ndipo musanole tsiku lonse poyesa kufafaniza maenje akuya; valavu imira m'mutu ndipo njinga ichepa mphamvu. Pa njinga za ku Japan ndi zotengera zake, mankhwala osalala okha akwanira.

Dziwani kuti mankhwala onolerawa ndi mchenga womwe, ndipo wolimba koposa wa kunyanja. Akatsalira m'mutu apitiriza kunola m'kati mwa injini pamene inu mukuyenda, mpaka maring'i ndi silinda zitatha. Tsukani ndi palafini, tsukaninso ndi madzi otentha a sopo, pititsani kansalu m'njira za mavalavu kufikira katuluke koyera, umitsani ndi kupaka oyilo. Bwezani mavalavu ndi timphira tatsopano ngati injini yanu ili nato, ndipo yesaninso ndi palafini.

Ikani rula yachitsulo pa nkhope ya mutu, mopingasa ndi motalika, ndi kuyang'ana kudzuwa. Kuwala kukadutsa pang'ono, yalani sandipepa wosalala wonyowa pa galasi lochindikala, ndipo yendetsani mutuwo monga mulemba 8. Kukadutsa kwambiri, kapena mukapeza mng'alu pakati pa pulagi ndi valavu, nyamulani mutuwo mupite nawo kwa amisiri a makina. Inu a njinga za ku England za mutu wa chitsulo chakuda, chonga cha mapoto a miyendo itatu, funsaninso za pokhalira valavu ya utsi: mtovu uja unkapateteza, ndipo tsopano paperepeseka msanga njinga ikathamangitsidwa, koma amisiri akhoza kuikapo mkombero wolimba.

Gasiketi ya mkuwa wokhawokha ikhoza kugwiranso ntchito. Itentheni pa mbaula kufikira ifiire, iponyeni m'madzi, ndipo ifewanso. Ya mtundu wina uliwonse gulani yatsopano. Kubweza yakale ndiko kumasula kawiri. Mangani manati modumphitsa monga munamasulira, maulendo atatu, kulimbitsa pang'ono ulendo uliwonse. Musalumikize paipi ku sipanala kuti mulimbitse, pakuti mazinga a aluminiyamu apululuka.

Chotsala ndi mpata wa mavalavu. Chitsulo chikatentha chitalika, ndipo valavu yopanda mpata sitseka, ipsa, ndipo ntchito yanu yonse ipita pachabe. Zungulizani injini kufikira pisitoni ifike pamwamba mavalavu onse ali otseka, ndipo yesani ndi fila geji. Pa CG125 mpatawo ndi 0.08 mm, injini ili yozizira. Pa njinga zina tsatani buku lake. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya, pakuti misewu ya fumbi yonga ya ku Makanjira iitseka msanga, ndipo sefa yotsekeka ndiyo ichulukitsa mwaye. Thirani oyilo watsopano. Mlungu woyamba yendani pang'ono pang'ono, osasenza madengu a usipa kapena anthu awiri. Ukatha mlunguwo, m'mawa injini isanalizidwe, onaninso manati a mutu ndi kuyesanso mpata wa mavalavu.