Maginito ndi Khansa: Za Mawa ndi Zimene Tili Nazo Lero

Ana akaphwasula wailesi yakufa amatulutsamo maginito, n'kumaikoka mumchenga kuti itole tizitsulo. Masewera omwewa ndi amene akatswiri a zaumoyo akuwayesa polimbana ndi khansa.

Mayi aliyense amene anadwazikapo m'bale ku Kamuzu Central Hospital amadziwa ukali wa mankhwala a khansa. Akalowa m'magazi amayenda thupi lonse, kupha maselo odwala ndi abwino omwe. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, wodwala amasanza ndi kufooka.

Pofuna kuchepetsa vutoli, akatswiri amapanga tinthu ta chitsulo tating'onoting'ono kwambiri, toti tikwi zambiri tingandandalikane pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Amamatirira mankhwala pa tinthuti, n'kutibayira m'magazi, kenako amaika maginito yamphamvu pamalo pamene pali chotupa kuti tisonkhane pomwepo. Njirayi inayesedwa koyamba pa anthu ku Germany, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1996. Mpaka lero ikadali yoyesedwa, chifukwa mphamvu ya maginito imachepa chotupa chikakhala mkati kwambiri mwa thupi.

Ntchito zina za tinthuti zinayamba kale. Mu 2010 maiko a ku Ulaya anavomereza NanoTherm: madokotala ankabayira tinthuti m'chotupa cha muubongo, makina n'kutitenthetsa mpaka maselo a khansa afooke. Timathandizanso kuti zithunzi za makina a MRI zioneke bwino. Pa khansa ya m'mawere, mankhwala otchedwa Magtrace amalozera dokotala mwanabere wa kukhwapa amene khansa ingayambe kufikako.

Nanga ife kuno ku Mponela? Chithandizochi n'chodula ndipo sichinafike m'zipatala zathu. Choncho tichenjere ndi ogulitsa zibangili, mikanda kapena malamba a maginito amene amati zimachiza khansa. Maginito yovala pakhungu sichiza chotupa. Mayi amangotayapo ndalama za fodya kapena soya, matenda akukula.

Komabe sitili manja lende. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, koma khansa imeneyi imapeweka. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Malowo amawatentha ndi kachipangizo kakang'ono, nthawi zambiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Cholinga chake n'chimodzimodzi ndi cha akatswiri a ku Germany aja: kuwononga podwala pokha. Komanso kuyambira mu 2019 boma limapereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9.

Kuyeza kumafunika kwa mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49, ngakhale asakumva kupweteka, makamaka amene ali ndi HIV. Kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena mutasiya kale kusamba, si chinthu chodikira nacho.

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lanu, sankhani tsiku, mufunse kuchipatala cha Mponela, Mtengowanthenga, Madisi kapena Ntchisi za masiku oyeza, ndipo mupite pagulu. Mutengenso mnzanu uja amene amachita manyazi.