Mantha Ogwa Mwadzidzidzi: Nthenda Imene Ili ndi Chithandizo

Mlimi aliyense amadziwa zimene thupi limachita akakumana ndi njoka m'munda: mtima umagunda mwaliwiro, mpweya umabanika, miyendo imanjenjemera. Imeneyo ndi ntchito ya adrenaline, imene Mlengi anaika m'thupi kuti tithawe ngozi. Koma alipo ena amene zoterezi zimawagwera popanda njoka, ali mkati mopalira chimanga, ali m'basi yopita ku Lusaka, ngakhale pa mapemphero a Sabata. Zikamabwerezabwereza, madokotala amati ndi panic disorder.

Wodwala amatuluka thukuta, amamva chizungulire, chifuwa chimapweteka, zala zimachita dzanzi, ndipo amakhulupirira kuti imfa yafika. Mantha amafika pachimake m'mphindi 10 kapena kucheperapo, kenaka amazirala. Chotsalira ndi nkhawa yakuti abweranso. Motero munthu amayamba kupewa msika, munda wakutali ndi tchalitchi, mpaka ntchito ndi banja zimazilala.

Choyamba n'kukapimitsa ku kiliniki kapena ku chipatala cha boma la Chongwe, pakuti matenda a mtima, kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro zimabweretsa zizindikiro zofanana. Kwa ife alimi palinso mankhwala opopera mbewu. Munthu akayamba kusanza, kuchucha dovu ndi kubanika atangopopera, amenewo ndi poizoni; athamangitsidwe kuchipatala msanga.

Zimenezi zikapanda kupezeka, chithandizo chilipo cha mitundu iwiri. Uphungu wotchedwa CBT umaphunzitsa wodwala kuti kugunda kwa mtimako sikupha, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene amawaopa. Palinso mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga milungu ingapo kuti agwire ntchito, ndipo sasiyidwa popanda dokotala. Ofuna akatswiri amatumizidwa ku Chainama Hills, pamsewu wa Great East. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala otere.

Uthenga wathu wa zaumoyo umathandizanso, chifukwa khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimautsa mantha, pamene tulo tokwanira timawachepetsa.

Abale ndi alongo, wodwalayu sanagwidwe chiwanda, ndipo chikhulupiriro chake sichinachepe. Eliya atathawa ndi mantha, mngelo anayamba wampatsa chakudya ndi madzi. Mnzanu akagwidwa, khalani naye pamthunzi, pumani naye pang'onopang'ono, mupempherereni, ndipo mumperekeze kuchipatala.